Momwe ndinalembera kalata yotsutsa mgodi wa malasha ku West Virginia

Kuno ku West Virginia, m'dziko la America, komwe ndimakhala, kampani ikafuna chilolezo chogumula phiri kuti ikumbe malasha, lamulo la 1977 lotchedwa SMCRA limaikakamiza kulengeza mu nyuzipepala ya m'deralo kamodzi pa sabata, kwa masabata 4 otsatizana. Chilengezocho chimakhala cha tizilembo ting'onoting'ono kumasamba akumapeto, moti ine anachita kundisonyeza mnansi wanga. Gwiritsitsani tsiku lomwe chatuluka komaliza, chifukwa kuchokera pamenepo mwatsala ndi masiku 30 okha oti mupereke dandaulo lanu.

Chilengezo chomwecho chimatchula ofesi yomwe aliyense angakawerengeko mapepala a kampaniyo. Ndi chimulu ndithu, koma musachite nawo mantha. Ine ndinalunjika pa mapu: malire a mgodi, zigwa zomwe akufuna kukwirira ndi miyala, ndi madamu a matope. Ndinatsata kamtsinje ndi chala kuchokera pomwe adzathire miyalayo, chala nʼkudzaima kuseri kwa nyumba yathu. Mtima unandipweteka, pakuti ife timamwa madzi a pachitsime.

Kalata yanga ya dandaulo ndinailembera a Department of Environmental Protection, nthambi ya boma yoona za chilengedwe. Ndinaikamo dzina langa, adiresi, nambala ya pempho la kampaniyo, kenako zenizeni: mtunda wochokera pachitsime kufika pamalire a mgodi, dzina la kamtsinjeko, fumbi, ndi msewu womwe malole adzadutse pomwe ana amadikirira basi ya sukulu. Kungolemba kuti simukuufuna mgodi sikukwanira ayi, amafuna aone momwe inuyo ukukukhudzirani. M'kalata yomweyo ndinapempha msonkhano womwe amautcha informal conference, poti nawonso umapemphedwa m'masiku 30 omwewo.

Msonkhanowo unachitikira m'dera lathu lomwe, ndipo zonse zomwe tinayankhula anazijambula. Ndinayankhula nditanyamula zotsatira za kulabu, chifukwa ndinali nditayezetsa kale madzi athu. Chitani zimenezi msanga, mgodi usanayambe. Madzi akadzasintha mtundu, pepala limenelo ndilo mboni yanu.

Msonkhano ukatha, boma limapereka chigamulo, ndipo amene sanakhutire ali ndi masiku 30 okachita apilo ku Surface Mine Board, bungwe la boma lomva ma apilo a nkhani za migodi. Tikudikira chigamulocho. Chilolezo chikaperekedwa, ndidzapempha pre-blast survey: amene nyumba yake ili pasanapitirire theka la mailosi kuchokera pamalirewo ali ndi ufulu woti adzamuyenderere makoma, maziko ndi chitsime, kampani nʼkulipira, asanayambe kuphulitsa miyala.