Makina akamavina pofinya: ntchito imene ikutidyetsa pa kashopu kathu

Kashopu kathu kanayamba ndi mafiriji ndi masitovu. Makina ochapira zovala atachuluka m'matauni muno, a Defy, Samsung, LG ndi Hisense, ena ogulidwa kusitolo, ena obwera pa thiraki kuchokera ku Joni, dandaulo linkakhala limodzimodzi: pochapa ali phee, koma akafika pofinya amagunda ngati chigayo mpaka kusuntha okha pamalo pawo. Lero imeneyi ndiyo ntchito yathu yaikulu, ndipo tinadziikira lamulo: sitimasula bawuti ngakhale imodzi tisanaone zinthu zitatu zosalira ndalama.

Choyamba ndi zimene zili m'dramu, mgolo wozungulira umene mumaikamo zovala. Makina otsekulira kutsogolo amazungulira ka 800 mpaka ka 1400 pa mphindi akamafinya. Bulangete limodzi lonyowa limaunjikana mbali imodzi, ndiye pa liwiro lotero dramu imakokera komweko. Makina a LG amalemba UE, a Samsung UE kapena Ub, kutanthauza kuti zovala zaunjikana mbali imodzi, n'kumakana kuthamanga. Timachotsa zonse n'kuwafinyitsa opanda kanthu. Akazungulira mosalala, palibe chawonongeka. Mankhwala ake n'kuwonjezerapo mathawulo awiri pochapa bulangete, komanso kusiya malo okwana dzanja pamwamba pa zovala.

Chachiwiri ndi mabawuti a paulendo, atatu kapena anayi, amene amamangirira thanki (mgolo wakunja umene dramu imazunguliramo) kumbuyo kuti isagundike panjira. Makina atsopano akamalumpha tsiku loyamba, timayambira pomwepo, chifukwa ambiri amangolumikiza paipi osawachotsa. Mukawamasula muwasunge. Makina akale akanyamulidwa opanda mabawutiwa pa msewu wa mabampu, amafika masipuling'i atavuka kapena mashoko ochirikiza thanki pansi atathyoka, mwini wake n'kumadabwa kuti komwe achokera ankagwira bwinobwino.

Chachitatu ndi miyendo. Timakankha makona opingasa. Akagwedera, ndiye kuti mwendo umodzi uli m'malere. Timaika levulo pamwamba, kutembenuza mwendowo mpaka yonse inayi itaponda, kenako n'kumanga nati yokhomera. Natiyi ndi imene anthu amaiwala, ndipo pakangotha milungu ingapo mwendo umamasukanso. Njerwa, makatoni kapena thabwa pansi pa makina zimangowonjezera vuto.

Zitatuzi zikakhala bwino m'pamene timazula pulagi, kutseka madzi n'kutsekula. Timakanikizira dramu pansi ndi dzanja n'kuisiya. Yabwino imabwerera kamodzi n'kuima. Ikamanjanja ngati galimoto yotha mashoko, ndiye kuti mashoko a pansi pa thanki, omwe amakhala awiri kapena atatu, atha. Pa shoko iliyonse pamalembedwa mphamvu yake, monga 80N, 100N kapena 120N. Timagula ofanana nambala, ndipo timasintha onse nthawi imodzi ngakhale yotha ikhale imodzi, chifukwa yatsopano ikagwira ndi yakale thanki imapendekeka. Pomwepo timaonanso masipuling'i a pamwamba ndi zibuma za konkire zomangidwa pa thanki. Zibumazi zilipo kuti zilemeretse makina, bawuti yake ikamasuka mumamva "gu! gu!" wolemera, ndipo pansi mumapeza fumbi la simenti.

Pamene pamavuta kukambirana ndi kasitomala ndi pa mabering'i ndi sipaida, chitsulo chogwira dramu kumbuyo. Timagwira mlomo wa dramu n'kuyesa kuinyamula. Ikamasewera payokha thanki ili chiimire, kapena ikamalira ngati ndege poizunguza ndi dzanja, mabering'i apita. Umboni wina ndi mzere wa dzimbiri kumbuyo kwa thanki, pansi pa pule, gudumu limene lamba amazungulirapo. Chimayamba kutha ndi labala yotchinga madzi pa shafuti. Madzi akadutsa amatsuka girizi, bering'i n'kuchita dzimbiri. N'chifukwa chake kusintha mabering'i osasintha labalayo n'kutaya ndalama. Manambala ake, monga 6205 ndi 6206, ndi wamba ndipo amapezeka m'masitolo a masipeya, koma ntchito yake ndi yophwasula makina onse.

Sipaida ndi chitsulo cha aluminiyamu cha manja atatu chogwira dramu kumbuyo. Zotsalira za sopo waufa zimamatirira pamenepo n'kumachidya pang'onopang'ono, makamaka kwa amene amathira sopo wambiri n'kumachapa ndi madzi ozizira okhaokha. Dzanja limodzi likathyoka, dramu imazungulira mokhota, kukhula labala ya pachitseko, ndipo mu fyuluta mumapezeka tizidutswa totuwa. Apa timanena zoona. Makina ambiri a masiku ano thanki yake ndi ya pulasitiki yomatidwa, yosamasuka pakati. Amisiri ena amaicheka n'kuimatanso. Ife tinasiya, chifukwa ikayamba kudontha mlandu umabwerera pa khomo pathu. Mtengo wa thanki yathunthu ukayandikira theka la makina atsopano, timamuuza mwiniwake kuti asakonzetse, ngakhale kuti potero tadzimana ntchito.

Otsekulira pamwamba savuta kwenikweni. Thanki yake imalendewera pa timitengo tinayi tachitsulo ta masipuling'i, ndipo tikafooka imamenya m'mbali mwa bokosi. Timasintha tonse tinayi. Madzi amene mumamva akukhuchumuka m'mkombero wa dramu musawatulutse, anaikidwa dala kufakitale kuti azilinganiza kulemera.

Pa makina a migolo iwiri, wochapira ndi wofinyira, amene ali m'makomo ambiri, nthawi zambiri vuto limakhala kalongedwe. Zolemera ziziyamba pansi, muzizitsindira bwino, ndipo kachivundikiro ka pulasitiki kaziikidwa pamwamba pa zovala. Zikapitirira, timayang'ana miyendo itatu ya masipuling'i imene mota yofinyira imakhalapo. Umodzi ukathyoka mota imapendama, mgolo n'kumakhula khoma, ndipo imeneyi ndi ntchito ya ola limodzi basi.