Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chitoliro cha a Ian Anderson

Dzina loti Jethro Tull ndinayamba kulimva m'kalasi, osati pa wailesi. Tikuphunzira zaulimi, aphunzitsi anatiuza za mlimi wa ku England amene mu 1701 anapanga makina ofesera mbewu m'mizere, okokedwa ndi kavalo. Ndinaliloweza chifukwa cha mayeso basi. Ndiye tangoganizani kudabwa kwanga mu 1991, ndikufufuza m'katoni ya makaseti akale mumsika wa ku Lilongwe, kupeza dzina lomwelo pa kaseti, ngati dzina la gulu loyimba. Pachikuto panali munthu wandevu atagwira akavalo awiri akuluakulu. Chimbalecho chinali Heavy Horses, cha 1978. Wogulitsa anati makasetiwo anasiya ndi mzungu wina pobwerera kwawo, ndipo palibe amene ankawafuna. Ndinagula ndi ndalama yomwe ndinasungira basi, n'kubwerera wapansi.

Usiku umenewo ndinaika mabatire atsopano mu wailesi. Chinandigwira poyamba si gitala kapena ng'oma ayi, koma chitoliro. Kwathu ku Dedza tinkasema zitoliro za bango kubusa, ndipo ndimadziwa kulira kwa chitoliro chimene mwini wake akuuzira mokalipa, mpweya ukumveka kuseri kwa nyimbo. Munthu uyu ankauzira chomwecho, nthawi zina akung'ung'udza ndi kukhosi uku akuliza. Nyimbo zake zinali zosatsatirika poyamba: ikuyamba pang'onopang'ono ngati yakutchalitchi, kenaka yathamanga, kenaka yasintha kagundidwe usanakonzeke. Anzanga, amene ankamvera rumba ndi Alleluya Band, ankafunsa kuti kodi zimenezi amavina bwanji. Sizovina, ndinkawayankha, n'zokhala pansi.

Chizungu chake chinanditengera miyezi. Ndinkabweza tepi ndi cholembera kuti mabatire asathe, ndikulemba mawu m'kope. Nditamvetsa kuti nyimbo ya Heavy Horses yeniyeniyo ikulira akavalo olima amene mathirakitala anawalanda ntchito, ndinakumbukira ng'ombe ziwiri za atate zokoka ngolo, mmene ankazisisitira pakhosi madzulo akazimasula goli. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuiona ngati nyimbo ya azungu.

Ndinabwera kuno ku Britain mu 2004, n'kuyamba ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Kuno ndi kumene ndinadziwira mbiri yonse. Woyimbayo ndi a Ian Anderson, obadwa mu 1947 ku Dunfermline, ku Scotland, okulira ku Edinburgh ndi ku Blackpool. Chitoliro anachiyamba mu 1967, atasiya gitala ya magetsi poona kuti sadzafika pa katswiri wa gitala Eric Clapton. Gulu lawo linkasinthasintha mayina kuti malo oyimbira aliitanenso, ndipo la mlimi uja linakhazikika chifukwa ndi limene anali nalo pamene a Marquee Club ku London anawakonda. Ndinagula Thick as a Brick, cha 1972, chimene ndi nyimbo imodzi yokha ya mphindi zoposa 40, yodzaza mbali zonse ziwiri za chimbale. Ndinkaimvera pabasi yam'bandakucha pochokera ku shifiti yausiku, ndipo inkatha ndikutsika.

Pamalo pathu panali agogo ena aamuna, odwala mapapo, okhala ndi kapaipi ka okosijeni m'mphuno usana ndi usiku. Tsiku lina ndikuwameta ndevu ndinkaimba kaluzu mosazindikira. Anandigwira dzanja. "Mwana wanga, nyimbo imeneyo waidziwira kuti?" Nditawauza za katoni ya ku Lilongwe anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinachita kuwadzutsa n'kuwasisita kumsana. Iwo anaonera gululi ali anyamata, a Anderson ali ndi tsitsi lofika m'mapewa ndi chijasi chachitali, akuliza chitoliro ataima ndi mwendo umodzi ngati kakowa m'dambo. "Ukawaone asanasiye," anatero. "Koma usakayembekezere mawu aja. Mawu anapita."

Zinali zoona, ndipo aliyense wokonda gululi amadziwa. Kukhosi kwa a Anderson kunavulala paulendo woyimba wa 1984, ndipo kuchokera pamenepo mawu awo sanabwererenso mwakale. Ena amati bwenzi atapuma kalekale, makamaka chichokereni a Martin Barre, amene analiza gitala m'gululi zaka zoposa 40. Ine nkhani imeneyi imandipweteka, chifukwa ambiri oinena sanakhalepo pafupi ndi munthu amene mpweya ukumuthera.

Mu Epulo 2018 gululi linkazungulira pokumbukira zaka 50, ndipo linafika ku Manchester. Mayi akunyumba ndi amene anagula matikiti mobisa. "Bambo, mwakhala mukutiimbira zimenezi zaka zonsezi, tiyeni tikaone mwini wake," anatero akundipatsa envelopu patebulo.

Muholo munadzaza imvi ndi madazi, ena ndi ndodo zoyendera. A Anderson anatulukira ali ndi zaka 70, kansalu kumutu, chitoliro m'manja. Atayamba kuyimba mtima wanga unagunda, chifukwa mawu anali opyapyala, ndipo pofika pokwera ankaimirira ndi zala zakumapazi, khosi atalitambasula, mawu n'kumafika mochedwa pang'ono kumbuyo kwa ng'oma. Ntchito yanga inandiphunzitsa kuyang'ana mapewa a munthu akamapuma. Ndinaona mmene ankadulira mzere pakati kuti akoke mpweya, mmene ankasungira mphamvu pa liwu limodzi lofunika n'kulekerera enawo. Agogo anga aja amachita chimodzimodzi akafuna kunena chinthu chachikulu: amasankha mawu atatu, ena onse amawasiya.

Koma atangokweza chitoliro kukamwa, munthu uja anasanduka wina. Mpweya womwewo umene unkaperewera pakhosi unkatuluka wodzaza, wakuthwa, wothamanga. Ndinganene mosaopa kuti amaliza chitoliro bwino tsopano kuposa pa kaseti yanga ya 1978, ndipo chifukwa chake chilipo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mwana wawo wamkazi, akuphunzira chitoliro kusukulu, anawaonetsa kuti zala amaika molakwika. Munthu wotchuka dziko lonse, atauzira zaka zoposa 20, anakhala pansi n'kuphunziranso. Kenaka anakweza mwendo uja, kwa kamphindi chabe, ndipo holo yonse inaimirira. Mayi akunyumba anandipatsa kansalu osanena kanthu.

Mu 2020 a Anderson anaulula kuti madokotala anawapeza ndi nthenda ya m'mapapo, ndipo iwo amaganiza kuti utsi umene amapopera pansanja poyimba unathandizira. Sindinadabwe, ndinali nditaziona kale m'mapewa muja. Chonsecho mu 2022 anatulutsa chimbale chatsopano m'dzina la gululi, n'kutulutsanso china mu 2023. Nyimbo zatsopanozi amazilemba molingana ndi mawu amene ali nawo, zotsika, zina ngati akungolankhula. Ndinagula zonse.

Kutacha tsiku la konsati ija ndinali pa shifiti yam'mawa. Ndinalowa m'chipinda cha agogo aja ndi tiyi wawo ndi kabuku ka pulogalamu. Anavala magalasi, n'kuyang'ana zithunzi nthawi yaitali.

"Mwendo anakweza?"

"Anakweza, agogo."

Anatseka maso, mpweya ukulira m'kapaipi. Kenaka anandipempha kuti ndiwaikire ija ya akavalo pafoni yanga, ndipo ndinakhala nawo mpaka belu la chipinda china litalira.