Mmene ndinaunikira patch yochotsa code yobwereza mu reboot ya Linux

Patch ya mnzanga (kusintha kwa code kumene anatumiza kuti kuunikidwe) ndamaliza kuiunika, mtima wakhala m'malo, koma ndilembe zisanandichoke m'mutu. Mnzanga wa kuntchito anachotsa zinthu zitatu zimene ankati zikungobwereza m'njira imene kernel, phata la Linux, imadutsa pozimitsa makina kuti ayakenso. M'munsi analemba kuti wayesa pa QEMU, pulogalamu yoyerekezera kompyuta yeniyeni, ndipo zonse zili bwino. Anzanga, pa nkhani ya reboot, QEMU musamaidalire. Imamvera chilichonse chimene mwaiuza, pamene makina enieni ali ndi makani.

Zotsitsa code ndi kumanga kernel mukuzidziwa kale. Poyambira penipeni ndi kutsegula kernel/reboot.c pambali pa arch/x86/kernel/reboot.c, n'kulemba papepala amene akuitana mnzake. Njira ya masiku onse imayambira pa kernel_restart: imadziwitsa onse amene analembetsa kuti adziwitsidwe (ma reboot notifier), imaitana device_shutdown yotseka madiraiva, imasamukira pa purosesa imodzi, kenako machine_restart. Koma khomo si limodzi. Kernel ikagwa ndi panic (vuto lalikulu loilepheretsa kupitiriza), kapena mukalemba b mu /proc/sysrq-trigger, imalowera pa emergency_restart ndipo zonse zija imazidumpha.

Chinthu chachiwiri chimene mnzangayo anachotsa chinagwera pamenepo. Anaona kuti virtualization (luso la purosesa loyendetsa makina oyerekezera mkati mwa makina enieni) ikuzimitsidwa malo awiri, n'kuchotsa a panjira yadzidzidzi. Komatu purosesa ya Intel ikakhala mu VMX root, ndiye kuti virtualization ili yoyaka, simva chizindikiro cha INIT choiuza kuti iyambirenso, ndiye makina amene akuyendetsa KVM, virtualization ya Linux, akagwa mwadzidzidzi akhoza kungouma osayakanso. Mizereyo ndi yofanana m'maso, koma odutsapo ndi osiyana. Ichi ndinachikana ndisanayese n'komwe.

Chimene chinandidyera tsiku ndi chinthu choyamba chimene anachotsa. Mu native_machine_emergency_restart kernel imayesa njira zingapo zoyatsiranso makina: imayamba ndi ACPI (dongosolo loyendetsera mphamvu ya makina), kenako imalemba 0xfe pa port 0x64 ya keyboard controller kakhumi, kenako ACPI kachiwiri, keyboard kachiwiri, ndiyeno EFI, ndiyeno BIOS (ziwirizi ndi firmware, pulogalamu yoyatsa makina). Woona koyamba anganene kuti wolembayo anasokonezeka. Mnzanga anadula ulendo wachiwiriwo. Ine ndinati tiyese pa chitsulo chenicheni, ndipo tinasankha seva yakale imene ili m'chipinda chokiya. Ndinaika kernel, ndinalamula reboot, SSH, njira yanga yolumikizira sevayo ndili kutali, inaduka monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinadikira. Zii. Seva imeneyo ilibe njira yoizimitsira uli kutali, ndipo wosunga kiyi wa chipindacho anali atachoka osasiyira wina aliyense. Ndinaimba foni, ndinalemba uthenga, ndinauzidwa kuti ndilembe pempho ndipo lidzaonedwa. Pempho loti munthu akadine batani limodzi! Tsiku lonse linatha ndikungoyang'ana ping yosayankha, osadziwa ngati makinawo afera pozima kapena poyaka. Zinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa chipinda choyeseramo makina chimene woyesayo sangalowemo n'chantchito yanji?

Mawa lake chitseko chitatseguka, mafani ankalira mwamphamvu, kanyale ka kutsogolo kali kobiriwira, koma sikirini ili bii. Ndinalumikiza chingwe cha serial, ndinaika console=ttyS0, n'kubwereza. Mzere womaliza unali "reboot: machine restart", basi. Choncho madiraiva onse anatseka bwino, ndipo vuto linali pa mzere womaliza weniweni. Pa makina opanda EFI, njira zoyamba zikalephera kernel imadumphira mu BIOS, ndipo ikalowa mmenemo sibwereranso kudzayesa zina. Chonde, lumikizani chingwe cha serial musanayambe, ndiponso dziwiranitu amene ali ndi kiyi.

Ndadumpha chinthu chimene chinayenera kubwera patsogolo: mbiri ya mizereyo. git blame, imene imaonetsa amene anasintha mzere uliwonse komaliza, payokha ikunamizani, chifukwa mu 2007 arch/i386 ndi arch/x86_64 zinaphatikizidwa kukhala arch/x86, ndipo mizere yambiri yakale imaoneka ngati inabadwa pa kusamukako. Gwiritsani ntchito git log -S ndi mawu a mzere umene mukuukayikira. Za chisanafike chaka cha 2005 simuzipezamo, chifukwa mbiri ya git ya Linux imayambira pamenepo. Kwa ife zinatheka. Dongosolo loyesa ACPI kawiri linabwera mu 2011 kudzera mwa Matthew Garrett, pofuna kutsanzira zimene Windows imachita, popeza opanga makina ambiri amayesa zinthu zawo ndi Windows yokha. Pa makina ambiri, register ya ACPI imaloza pa port 0xcf9, ndipo ena mwa iwo safuna kulembedwa kamodzi kokha. Kugogoda kwachiwiriko n'kumene kumawadzutsa. Chondiwawa n'chakuti ndemanga yofotokoza dongosololi ili pamwamba pa function yomweyo. Inangofunika kuiwerenga.

Muyang'anenso reboot_dmi_table m'fayilo lomwelo. Ndi mndandanda wautali wa makina amene amafuna njira yawoyawo, ena pci, ena bios, ena kbd. Dzina lililonse mmenemo ndi la kompyuta imene inakanirira kwa munthu wina. Ukauwerenga mndandandawo, changu chofufuta mizere chimachepa chokha.

Chachitatu chokha n'chimene chinali chobwerezadi. Diraiva yathu ina inkaimitsa DMA (chipangizo kulemba chokha mu memory osadzera pa purosesa) kawiri, koyamba mu reboot notifier, kachiwiri mu shutdown yake. Ndinatsatira njira zonse: restart, halt, poweroff ndi kexec (kuyatsa kernel yatsopano kuchokera mu imene ikuyenda). Ponseponse notifier imaitanidwa, kenako device_shutdown imatsatira, ndipo panjira yadzidzidzi zonse ziwiri siziitanidwa. Palibe amene amadutsa pa chimodzi osadutsa pa chinzake, ndipo palibe chapakati pawo chimene chinkafuna kuti DMA ikhale itaima kale. Apo ndinavomera kuti notifier ichoke, shutdown itsale.

Ndinamupempha mnzangayo kuti aigawe patch, chochotsa chilichonse chikhale pachokha, kuti tsiku lina makina a munthu akadzakanirira, git bisect, yofufuzira kusintha kumene kunabweretsa vuto, idzaloze mzere umodzi osati mulu. Ndinamuuzanso kuti m'mawu a commit alembe njira zimene wazitsatira ndi makina amene wayesapo, osangoti "code yosafunika". Poyesa komaliza tinasinthasintha reboot=acpi, reboot=kbd, reboot=pci ndi reboot=triple, warm ndi cold, kenako tinagwetsa kernel dala polemba c mu /proc/sysrq-trigger titaika panic=10, KVM ikuyenda. Zonsezi pa makina enieni, chingwe cha serial chili cholumikiza, ndipo musayese kamodzi n'kusangalala: siyani makinawo azizima n'kumayaka okha usiku wonse, chifukwa vuto la DMA limatha kubisala maulendo ambiri lisanaonekere. kexec musaiiwale. Imeneyo sidutsa mu firmware, ndiye chipangizo chimene sichinaimitsidwe bwino chimapitiriza kulemba mu memory ya kernel yatsopano.