Ndinangoperewera bowo limodzi

Poti alamu anga afalitsa kale kavidiyo kaja pa WhatsApp, ndipo ena mwayamba kundiitana a Mayonezi ngakhale pakhomo pa tchalitchi, lekani ndifotokoze ndekha. Dipisitiki ya galimoto yanga, kawaya koyezera oyilo mu injini kaja, sinakagwere ku Soweto, amenewo ndi mabodza a alamu. Inagwera pompo, mwina mamita anayi. Apongozi anganso sanakomoke. Anangoti zii, ngakhale kuti zii wa apongozi anga bola munthu akomoke.

Galimoto mukuidziwa, yofiira ija ya 2007. Ndinasankha ya turbo dala. Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ngwopepuka moti injini wamba imachita wefuwefu ngati gogo akukwera phiri la Zomba. Turbo imaupanikiza mpweyawo n'kuukankhira m'kati mwa injini. Mukuona kuti nzeru ndinali nazo kuyambira pogula.

Tsiku lina ndinamasula paipi yolowetsa mpweya ku turbo, ndinapeza m'kati muli noninoni ndi oyilo. Nditatsatira, ndinaona kuti akuchokera ku kapaipi kena kotuluka pamwamba pa injini. Pa YouTube anandionetsa kachitini konyezimira kotchedwa catch can, kamene amakalumikiza pa kapaipi komweko kuti kazigwira oyiloyo. Ndinakafunsa mtengo kusitolo ya sipeya ku Booysens. Atanditchulira ndinaseka. Ndalama zonsezo chitini chopanda kanthu?

Kunyumba ndinapeza mayi a ana atatsuka botolo la mayonezi, ati asungiremo mchere. Ndinaboola chivindikiro ndi msomali, ndinadula kapaipi kaja n'kulowetsa, ndinamata ndi silikoni mozungulira kuti ngakhale nyerere isapeze polowera. Mbali yotsala ya ku turbo ndinaitseka ndi bawuti. Bowo limodzi, lolowera basi. Ndinaima chapatali n'kumadziyamikira.

Milungu itatu inayenda bwinobwino. Izi alamu satchula. Kuchoka ku Rosettenville kupita kuntchito, loboti iyi, loboti iyo, osadontha ngakhale kadontho.

Ndiye linafika Loweruka la mu Julaye, kuzizira kwa Joni kuja kolowa m'mafupa. Apongozi anatsika pa Park Station atakhala m'basi kuchokera ku Blantyre, kudzera Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, miyendo itatupa. Tinapakira ufa, mpunga wa Kilombero ndi kathumba ka usipa. Iwo anakhala kumbuyo, alamu kutsogolo. Njira yachidule ilipo, koma ine ndinati amayi aone M1 pamene msewu unasanjikizana wina pamwamba pa unzake. Komanso, ndisaname, ndinkafuna akakambe kumudzi kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu.

Ndinaponda moto. Turbo inaimba kamluzu kake kaja. Ndinapondanso.

Fungo ndi limene linayamba. Alamu anati mwina ndi usipa. Poyang'ana pagalasi, Joni yense kumbuyo kwanga anali atasowa, kuli chiutsi chabuluu ngati wina akuotcha matayala. Madalaivala a mataxi, anthu oti saopa chilichonse pansi pano, ankandipatsa mpata.

Ndinapatukira ku Booysens komwe kuja, pafupi ndi sitolo imene ndinaseka mtengo. Nditatsegula boneti, oyilo paliponse, dipisitiki itatukuka pang'ono pamalo pake. Ndinaikanikiza mwamphamvu, poti vuto ndinkaliona ngati ndi limenelo. Chivindikiro cha botolo chinali chitafufuma ngati mandasi, ndipo m'kati munali zinthu zoyera mwachikasu, zokhathamira. Anzanga, m'botolo la mayonezi munali mayonezi. Injini inali itaphika wake.

Ndinawerama n'kunena kuti, “Alamu, tapondani pang'ono timve.” Alamu anga mawu oti pang'ono sawadziwa.

Phuu! Dipisitiki inadutsa pafupi ndi khutu langa ikulira ngati mpaliro. Ndinaiona ikukwera, kamutu kake kachikasu kakuzungulira pang'onopang'ono padzuwa, timadontho ta oyilo tikuitsatira ngati anapiye. Ndinapeza nthawi yoganizira zambiri. Ndinaganiza za mphunzitsi wanga wa sayansi wa fomu 2. Ndinaganiza za mchere wa mayi a ana, umene tsopano unkakhala m'kapu. Ndinaganizanso kuti chikhalirecho ndine mkamwini, ndipo mkamwini akalakwa nkhani imafika kwa ankhoswe iye asanafike kunyumba. Ili m'mwamba momwemo, chivindikiro nacho chinagonja, mayonezi uja n'kundithira kuyambira pachipumi mpaka pa shati yoyera imene ndinasita usiku.

Dipisitiki inatera pamapazi pa apongozi, amene anali atangotsika kuti aongole miyendo.

Sanakuwe. Anawerama mwapang'onopang'ono, anaitola ndi manja awiri, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ine sanandiyang'ane, ulemu wa mkamwini. Anapatsira alamu pawindo, amvekere, “Apatseni bambo a kunyumba, waya wawo wagwa.” Kenako anasuzumira mu injini, anaona botolo, anaona nkhope yanga, n'kufunsa chapansipansi, akuyang'anabe alamu, “Kodi kuno galimoto zimadya zimenezi?”

Alamu nthawi yonseyi foni ili m'manja.

Mekaniki wathu wa ku Ndirande uja, amene amagwirira ku Jeppestown, anayamba waseka mpaka kukhala pansi pa tayala. Atapuma anati, “Achimwene, injini iliyonse imaphwisa. Inu mwaitseka kophwisira.” Anandifotokozera akujambula pansi ndi sipanala. Mafuta akaphulika pamwamba pa pisitoni, mpweya wina umazemba m'mbali mwa maringi n'kutsikira kumene kumakhala oyilo. Pa injini ya turbo umazemba wochuluka, poti mphamvu yophulikira nayo ndi yaikulu. Mpweyawo uli ndi njira ziwiri zotulukira. Yoyamba ndi kavalavu ka PCV, kamene kamatseguka injini ikamayamwa, monga poima pa loboti kapena poyenda mofatsa. N'chifukwa chake milungu itatu ija kunali bata. Koma turbo ikayamba kupopa, kavalavuko kamatseka kuti mpweya wa turbo usalowere kunsi. Pamenepo pamatsala njira imodzi yokha, kapaipi kamene ine ndinakatsekera m'botolo.

Ndiye mpweya unafuna pothawira, unapeza dipisitiki, gasiketi ya pamwamba ndi silu ya kumbuyo kwa injini, ziwiri zotseka kuti oyilo asadonthe. Utsi wabuluu uja, ati oyilo wa mu turbo amabwerera ku sampu, kunsi kwa injini kumene kumakhala oyilo, pongotsetsereka yekha, ndiye akakumana ndi mpweya ukukankha kuchokera pansi amabwerera n'kudonthera mu ekizozi. Za mayonezi anati n'zachizolowezi nyengo yozizira, makamaka kwa ife oyenda timaulendo tatifupi: nthunzi imasanduka madzi n'kusakanikirana ndi oyilo.

Tsono mvetserani apa, inu oseka. Ndinamufunsa ngati catch can ndi chinthu chopusa. Anati ayi, n'chabwino ndithu, bola chikhale ndi polowera ndi potulukira, m'kati muli kasefa kogwira oyilo, mpweya uzipitirira ulendo wake wa ku turbo, ndipo uzikumbukira kukhuthula. Mwamva? Maganizo anali olondola. Malo omangirira anali olondola. Ndinangoperewera bowo limodzi. Pa mayeso amenewo ndi mamalikisi okhoza.

Kusintha silu ya kumbuyo kunafunika kutsitsa giyabokosi, ndipo ndalama yake ikanagula zitini zija zingapo, koma imeneyo ndi nkhani ya ine ndi mayi a ana. Usipa tinadya, unkamveka kafungo pang'ono. Apongozi anakhala mwezi wathunthu osakweranso galimoto yanga, ati miyendo ikufuna kuyenda. Pobwerera anapita ku Park Station pa taxi.

Dzulo anaimba foni. Atapereka moni kwa onse, anauza mwana wawo kuti andifunse ngati galimoto ija inachira m'mimba. Anatinso mabotolo ali nawo ambiri kumudzi, ndikafuna atumiza.