Ku Borrowdale, kumene mahatchi akuthamangabe

Amalawi ambiri akafika ku Harare amathera ku Mbare Musika, ku Roadport, kapena kwa abale ku Mufakose ndi ku Mabvuku. Ndi ochepa amene amakwera kombi yolowera kumpoto kukaona Borrowdale Park, bwalo lokhalo la mpikisano wa mahatchi limene latsala m'Zimbabwe monse. Ine anandikokerako ndi amalume anga a ku Hatcliffe. Za panjira sindichulukitsa: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, mzere wa pa Nyamapanda, mapiri a miyala a ku Mutoko, kenako magetsi a mumzinda.

Amalumewo anabadwira pa famu ina kufupi ndi Marondera. Agogo anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya kudzafuna ntchito, ndipo mayi anga atakwatiwa anabwerera kumudzi, koma mchimwene wawoyu anatsala. Pa famupo ankaweta mahatchi a mpikisano, choncho amalume anakulira m'khola. Chichewa chawo n'chosakanikirana ndi Chishona, koma akayamba kunena za hatchi satsamwa.

Tinapita tsiku wamba la mpikisano. Bwalolo n'lokongola: kapinga wometedwa bwino, mipanda yoyera, mitengo ikuluikulu kutsidya. Koma mipando yambiri inali yopanda anthu, ndipo m'mipikisano ina mahatchi ake unkatha kuwawerenga ndi zala osamaliza manja onse. Amalume sanafune zokwera pamwamba. Anandiimika pampanda wa kabwalo kamene amazunguliramo mahatchi asanathamange.

"Mphwanga, usamayang'ane wokwerayo ndi malaya ake onyezimira," anatero. "Yang'ana wagwira chingweyo."

Ndinayang'anadi. Mnyamata wa ovolosi yotuwa ankayenda phewa lake litagunda khosi la hatchi yofiirira, akuiyankhula chapansipansi. Hatchiyo inali itatuluka kale thukuta loyera ngati thovu la sopo pakati pa miyendo yakumbuyo, makutu akupita uku ndi uku. Amalume anapukusa mutu n'kunena kuti imeneyi yathera mphamvu m'mantha, sifika patali. Inamaliza cha kumbuyo. Itabwerako, mitsempha itatupa thupi lonse, mnyamata yemwe uja ndi amene anaivula chishalo, kuithira madzi, kuipala thukuta ndi kachitsulo kopindika, kenako kuisisita miyendo umodziumodzi kufufuza pamene patentha. Anthu otere amadzuka kusanache, ndipo hatchi ikadwala m'mimba usiku amachezera nayo akuiyendetsa kuti isadzigwetse pansi.

Bungwe loyendetsa bwaloli, Mashonaland Turf Club, linakhazikitsidwa mu 1892, patangopita zaka ziwiri atsamunda atafika pamalo pamene lero pali Harare. Mipikisano inasamukira ku Borrowdale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Castle Tankard, mpikisano wa mamita 2,000 umene kampani ya mowa imathandiza, unayamba mu 1960. Winanso waukulu ndi OK Grand Challenge, tsiku limene kwa zaka zambiri masitolo a OK ankachititsa mayere a magalimoto, ndipo anthu ankadzaza bwalo mpaka kusowa poponda. Masiku amenewo akadutsa, bwalo limabwerera mmene ndinalipezeramu.

Amalume akamanena za kale amafika pa Ipi Tombe, ndipo nkhope imawala. Hatchi yaikazi imeneyi inabadwa mu 1998 kufupi ndi Marondera komweko, inagulidwa pamtengo wochepa zedi, n'kuyambira kuthamanga pa Borrowdale pompa. Itapita ku South Africa m'manja mwa mphunzitsi Mike de Kock inapambana mpikisano waukulu wa Durban July mu 2002, kenako wa Dubai Duty Free ku Dubai mu 2003. Koma zaka zimene inkatchuka kunjazo n'zomwezo zimene mafamu oweta mahatchi ankatha kunyumba. Kulandidwa kwa minda kutayamba mu 2000, oweta ambiri anasiya, ena anasamutsira ziweto kummwera. Bwalo la Ascot ku Bulawayo linatsekedwa cha m'zaka zomwezo. Kenako ndalama ya dziko inagwa mpaka kufika poipa mu 2008. Amalume anachoka pa famu ndi mabulangete ndi mapoto. Kumudzi koti akapatsidwe munda analibe, popeza ankawerengedwa ngati obwera ngakhale mchombo wawo unagwera konko. Anapeza ganyu m'makola a mumzinda mpaka msana unawakana, ndipo penshoni palibe.

Mmene ndalama zimayendera m'masewerowa n'zosavuta kumva. Mwini hatchi amalipira mphunzitsi mwezi ndi mwezi, ndipo mphunzitsiyo ndi amene amagula chakudya, kuitana dokotala wa ziweto ndi kulipira anyamata a m'khola. Mwiniyo amayembekezera kubweza kangachepe pa mphoto. Mphotozo zimachokera ku makampani othandiza, ku lendi ya malo a bungwe, ndiponso ku gawo limene limadulidwa pa ndalama za obetcha. Mphoto zikachepa, eni ake amagulitsa mahatchi. Mahatchi akachepa, mpikisano sukoma kubetchera, ndiye ndalama zimatsikanso. Woyamba kuuzidwa kuti mawa usabwere ndi wa ovolosi uja.

Sikuti anthu a ku Harare anasiya juga ayi. M'chipinda chobetcheramo ndinapeza azibambo atatukula makosi kuyang'ana ma TV oonetsa mipikisano ya ku Turffontein ndi ku Greyville, mabwalo a ku South Africa, pamene mahatchi enieni akudutsa panja pomwepo. Achinyamata anali pa mafoni, kubetcha mpira wa ku England. M'tauni, mashopu obetcheramo ali pangodya iliyonse. Ndalama zikuzungulira ndithu, kungoti zikudutsa kutali ndi khola.

Ndipo South Africa, mnzawo wamkulu amene Borrowdale imatsamira, nayenso wakhala akudzandira. Malamulo a mipikisano amayang'aniridwa ndi bungwe la National Horseracing Authority la ku South Africa, mahatchi ambiri amagulidwa kumeneko, ndipo okwera ena amabwera pandege kuchokera ku Johannesburg. Koma kumenekonso mabwalo atsekedwa: Arlington mu 2013, Clairwood mu 2014, Flamingo Park ya ku Kimberley mu 2020. Chaka chomwecho kampani ya Phumelela, imene inkayendetsa mabwalo ambiri, inagwa m'ngongole, ndipo chinapulumutsa zinthu ndi chuma cha banja la Oppenheimer, mpaka kampani yatsopano ya 4Racing inatenga ntchitoyo mu 2021. Masewero aakulu chonchi kudalira chifundo cha banja limodzi, pamenepo pali poopsa.

Ndikudziwa ena anena kuti amenewa ndi masewero a azungu ndi anthu olemera, afe basi. Mbiri yake ndi yoterodi, ndipo sindikuikometsera. Koma olemerawo bwalo likatsekedwa amakaonera kwina. Otsala ndi anthu ngati amalume, amene luso lawo lonse lili pa hatchi: kuiphunzitsa kulola chishalo, kusema ziboda, kuzindikira matenda isanagwe. Kwa ine, kukonza zinthu kuyenera kuyambira pamenepo. Makampani a juga amene amapindula ndi mipikisano ya mahatchi azibwezako gawo lodziwika ku masewerowo mwalamulo, osati mwa kufuna kwawo, ndipo m'gawo limenelo muzikhala penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala cha ogwira ntchito m'makola. Ana awonso aziphunzitsidwa kukhala okwera ndi aphunzitsi, asamangothera pa chingwe. Kuweta kukapanda kuyambiranso m'dziko momwemo, mtengo wa hatchi udzakhalabe wa anthu owerengeka.

Madzulo ku Hatcliffe tinapeza msuweni wanga, mwana wachiwiri wa amalume, akusita ovolosi. Nayenso amagwira m'khola lina, koma mahatchi a abwana ake achepa moti akumusinthanitsa masiku ndi mnzake. Anandionetsa pasipoti yatsopano. Akufuna kukayesa mwayi ku Randjesfontein, malo ophunzitsirako mahatchi pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Amalume sanamuletse. Anangomuuza kuti adikire kaye Castle Tankard ya mu Meyi ndi OK ya mu Juni zidutse, chifukwa miyezi imeneyo ntchito imachuluka ndipo angapezepo ya basi.