Zomwe makutu athu anakatola m'makalasi a Chingerezi ku Hannover

Mizinda ya Blantyre ndi Hannover inapalana ubwenzi mu 1968, ndipo ubwenzi umenewu ndi womwe unatitsegulira njira ife, kagulu ka aphunzitsi a Chingerezi a mu Blantyre, kuti tikaone momwe anzathu a ku Germany amaphunzitsira phunziro lomweli. Tinakwerera ndege pa Chileka, kudzera ku Addis Ababa, n'kukatera ku Frankfurt. Kuchoka apo sitima yothamanga ija amati ICE inakatitula ku Hannover patatha maola awiri ndi theka. Munali mu Novembala. Kuno anthu anali akuyang'ana kumwamba kudikira mvula yoyamba, pamene ife tinali kunjenjemera m'majekete obwereka, mdima ukugwa 5 koloko isanakwane.

Mkulu wa gulu lathu anagawira aliyense chinthu choti akachiyang'anitsitse. Ena anapatsidwa mabuku, ena mayeso, ine anandipatsa katchulidwe ka mawu. Ndinaona ngati andipatsa ntchito yopepuka, pajatu ambiri kwathu kuno timaganiza kuti mzungu aliyense Chingerezi anachita kuyamwira. Ganizo limeneli linathera pa siteshoni pomwepo. Amene anabwera kudzatichingamira anatilandira ndi manja awiri, koma dziko lathu ankalitchula kuti "Malavi".

Chifukwa chake n'chakuti Chijeremani chilibe liwu la w ngati la mu "wawa" kapena "mawa". Lembo la w lilipo, koma amaliwerenga ngati v, ndipo lembo la v m'mawu awo ambiri limamveka ngati f. Galimoto ija timati Volkswagen eni ake amati "Folksvagen". Choncho mwana wa kumeneko akaona "west" amati "vest", akaona "wine" amati "vine". Chinandiseketsa ndi chimene chimachitika mwanayo akalidziwa liwu latsopanoli: amalikonda mopitirira muyeso, n'kumaliika ndi posafunika pomwe. M'kalasi ina ya ana a zaka khumi tinamva kamtsikana kakunena molimba mtima kuti agogo ake amakhala ku "willage". Madamu a kalasiyo sanakadzudzule. Anangogawa timagalasi todziyang'anira, n'kuuza ana kuti aone milomo yawo: mano apamwamba akakhudza mlomo wapansi ndiye v, milomo ikazungulira ngati ukufuna kunena u ndiye w. Anawayambitsa ndi "u-est" pang'onopang'ono, kenako mofulumira, mpaka "west" anatuluka yekha. Mnzathu wina wa ku Ndirande atapatsidwa mpata anawaphunzitsa mawu athu awiri, "vina" ndi "wina", n'kuwauza kuti akamva loyambalo aimirire agwedeze chiuno. Kalasi yonse inasokonekera, koma anawo anawasiyanitsa mawuwo.

Vuto lomwe ndinaliona kuti ndi lalikulu silimveka msanga kwa mlendo. Mu Chijeremani, maliwu a b, d, g, v ndi z akakhala kumapeto kwa mawu amauma, n'kumamveka ngati p, t, k, f ndi s. Galu amamulemba "Hund" koma amati "hunt". "Rad", lomwe ndi gudumu kapena njinga, ndi "Rat", lomwe ndi malangizo, amawatchula chimodzimodzi, ndipo palibe amene amasokonezeka chifukwa chinenero chawo chinazolowera choncho. Lamulo limeneli amalitengera ku Chingerezi osadziwa. "Bad" amasanduka "bat", "dog" amasanduka "dock", "eyes" amasanduka "ice", "prize" amasanduka "price". Apa ndiye tanthauzo limasinthiratu, ndipo mawu otere m'Chingerezi ndi ambirimbiri, kuphatikizapo s uja wosonyeza zambiri mu "dogs" kapena "days".

Mphunzitsi wina wachinyamata pa sekondale ya mtundu wa Gymnasium yomwe tinakhalitsapo anatisonyeza momwe amalimbanira nalo vutoli, ndipo phunziro lake ndi lomwe ndingalilembe lonse nditapatsidwa malo. Kwa mphindi khumi zoyamba palibe mwana anatsegula pakamwa. Aliyense anali ndi makhadi awiri, lofiira ndi lobiriwira. Mphunzitsiyo ankatchula mawu amodzi, ana n'kukweza khadi losonyeza chomwe amva, kaya "bag" kaya "back". Poyamba makhadi anakwera osakanizika, zomwe zinasonyeza kuti vuto silinali pa lilime ayi, linali m'khutu. Mwana amene sakumva kusiyana kwa maliwu awiri ungamubwerezetse mpaka belu kulira, iye adzangobwereza chomwe khutu lake lamuuza. Kenako anawaulula chinsinsi chomwe ngakhale enafe sitinkachidziwa bwino: Mngerezi weniweni d wakumapeto samutchula mwamphamvu, chomwe amachita n'kutalikitsa vawelo imene imabwera asanatchule d-yo. "Bad" ndi wautali, "bat" ndi wamfupi wodukiza. Ana atasiya kulimbana ndi d n'kuyamba kukoka vaweloyo, kusiyana kunayamba kumveka. Pomaliza anawapatsa mawu olumikizana monga "bad idea" ndi "big apple", pomwe d ndi g zimagwera pa vawelo yotsatira, moti zilibe mpata wouma. Izi zinathandizanso pa chizolowezi chawo china, chodula mpweya pakhosi asanatchule mawu oyamba ndi vawelo, chomwe chimachititsa Chingerezi chawo kumveka chodukaduka.

Madzulo ake tikukambirana, mayi wina wa m'gulu lathu anati vuto limeneli ife tinalithawa mwangozi. Maphatikizo a Chichewa amathera ndi vawelo, ndiye ana athu amati "bagi", "bedi", "dogi". Timawakalipira chifukwa cha i wowonjezerayo, koma i yemweyo ndi amene amasunga g ndi d kuti zisaume. Mwana wa ku Chilomoni sangasokoneze chikwama ndi msana.

Pa "bad" ndi "bed", "man" ndi "men", tinapezeka kuti tonse tili m'bwato limodzi lobooka. Ajeremani alibe vawelo ya mu "bad", choncho amaikapo e. Foni ya m'manja amaitcha "Handy", mawu omwe anabwereka ku Chingerezi n'kuwapatsa tanthauzo lawolawo, ndipo amawatchula kuti "hendi". Ife tili ndi mavawelo asanu okha, moti "bad", "bed" ndi "bird" timawaponya m'thumba limodzi. Mphunzitsi uja atatipatsa makhadi alendofe, gulu lathu nalo linagawanika pakati, ana akuseka mobisa nkhope m'mabuku. Pa "ship" ndi "sheep" iwo sanavutike, popeza chinenero chawo chimasiyanitsa kale mavawelo aatali ndi aafupi. Pa "joke" ndi "choke" ndife tinapambana, chifukwa j ndi ch tili nazo.

Mkangano unabuka m'chipinda cha aphunzitsi pa nkhani ya th. Mu Chijeremani lembo limeneli limamveka ngati t, monga mu "Theater", pafupifupi ngati th wathu wa mu "thupi". Ana awo akamayesa la Chingerezi amati "sink" m'malo mwa "think", "zis" m'malo mwa "this". Ife tinawauza kuti kwathu 3 ndi "firii", 30 ndi "sate", ndipo msika umayenda bwinobwino. Mphunzitsi wachinyamata uja anati nthawi yochuluka yomwe amathera pa th ndi yotayika. Anatchula kafukufuku yemwe Jennifer Jenkins anafalitsa mu 2000, wokhudza anthu a zinenero zosiyana akamalankhulana m'Chingerezi, yemwe anasonyeza kuti th si m'gulu la maliwu omwe amasokoneza kumvana, pamene kutalika kwa mavawelo ndi maliwu ena ambiri n'kofunika. Anaonjezera kuti anthu ambiri obadwira mu London momwemo amati "fink", ndipo ku Ireland ambiri amati "tink". Bambo wina wachikulire, wotsala pang'ono kupuma ntchito, anakana. Anati "zis" ndi chizindikiro chomwe Ajeremani amasekana nacho okhaokha, ndipo mwana amene akuopa kusekedwa amasiya kulankhula. Kwa iye kuphunzitsa th n'kuchotsa manyazi.

Ine ndili kumbali ya wachinyamatayo, ngakhale mfundo ya bambowo siyoitaya. Th amaoneka ndi maso, lilime limatuluka pakati pa mano, mwana amaliphunzira pa galasi m'mphindi zochepa, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake aphunzitsi timalikonda: limatipatsa chosonyeza kuti taphunzitsa. Maliwu omwe amasinthadi tanthauzo ndi aja osaoneka, ofuna kuphunzitsa khutu sabata ndi sabata popanda choonetsa kwa oyendera sukulu. Nthawi ikachepa, ndingapatse th tsiku limodzi, zotsalazo n'kuzipereka ku mathero a mawu ndi mavawelo.

Tinafunsanso kuti bwanji anthu a ku Netherlands ndi Sweden amamveka bwino m'Chingerezi kuposa Ajeremani, chonsecho zinenero zawo ndi zapachibale. Anzathuwo analoza pa wailesi ya kanema. Ku Germany mafilimu akunja amawalowetsa mawu a Chijeremani, pamene m'mayiko enawo amasiya mawu a Chingerezi n'kungolemba kumasulira pansi. Koma zinthu zikusintha. Ana a masiku ano amakhalira YouTube ndi Netflix, ndipo m'makalasi apamwamba tinamva r wa Chimereka kuposa r wawo wapakhosi uja. Aphunzitsi anati salimbana nazo, bola mwana azimveka. Chingerezi amachiyamba m'kalasi yachitatu ya pulayimale, ndipo kumapeto kwa mabuku awo mawu aliwonse atsopano amalembedwa pamodzi ndi zizindikiro za katchulidwe, zomwe ana amaphunzira kuwerenga.

Loweruka anatitengera kukaona mzinda. Mu Neues Rathaus, nyumba ya khonsolo yomwe inatsegulidwa mu 1913, muli zifanizo zinayi za mzindawu, ndipo cha 1945 chosonyeza mabwinja a nkhondo chinatikhalitsa chete. Maschsee, nyanja yokumba ndi manja yomwe amainyadira, tinaiyamikira mwaulemu monga anthu odziwa Mangochi. Ku minda ya Herrenhausen anatikumbutsa kuti mu 1714 wolamulira wa Hannover anakakhala mfumu ya Britain, George woyamba, ndipo mayiko awiriwa anakhala ndi mfumu imodzi mpaka 1837. Mbiri imati mfumuyo Chingerezi inkachidziwa pang'ono chabe. Mkulu wa gulu lathu anati nkhaniyi akaifotokozera ana a Fomu 4 amene amanjenjemera ndi phunziroli.

Pa zomwe tingatengere kuno, tisanamizane: makalasi awo ambiri sakwana ana 30, athu ena amapitirira 80, ndipo timagalasi ndi makhadi a aliyense sitingakwanitse. Koma njira yathu yoti kalasi yonse ibwereze pamodzi mokweza imabisa mwana amene sakumva kusiyana, chifukwa mawu ake amamira m'phokoso la anzake. Tagwirizana kuti m'malo mwa makhadi ana azikweza dzanja lamanja kapena lamanzere atatsinzina, kuti asaonere kwa mnzawo, ndipo tiziyamba ndi mavuto athu: "light" ndi "right", "play" ndi "pray", "ship" ndi "sheep". Povuta ndi pakuti aphunzitsi enafe l ndi r timazisakaniza tokha, ndiye mawu oyeserera sangachokere pakamwa pathu nthawi zonse. Anzathu a ku Hannover alonjeza kutitumizira pa WhatsApp mawu ojambulidwa ndi mlendo wolankhula Chingerezi chobadwa nacho amene amathandiza pa sukulu yawo, ndipo ife tiwatumizira ana athu akutchula mawu a v ndi w. Chotsala n'kupeza masipika ang'onoang'ono omveka mpaka kumbuyo kwa kalasi, ndipo nkhaniyi yasiyidwa m'manja mwa mahedi kuti akakambirane ndi makomiti a makolo teremu ikubwerayi isanayambe.