Nsambo ya gitala yomwe inatifikitsa ku Ghanzi

Payipi ya rediyeta inaphulika titangodutsa Sehithwa, dzuwa litapendeka, kutatsala makilomita oposa 150 kuti tifike ku Ghanzi, m'dziko la Botswana. Panamveka phuu pansi pa mpando wakutsogolo, nthunzi n'kudzaza m'kombi monse, kafungo kake kotsekemerera ngati shuga wopserera. Dalaivala anachita chanzeru: anapatuka pompo n'kuzimitsa injini. Akanaumirira kuti afike pamudzi wotsatira, chivindikiro cha injini chikanapindika ndi kutentha, ndipo nkhani ikanakhala ya kukoka galimoto, osati ya payipi.

M'kombimo munali anthu 13, ambiri atavala zakuda zokhazokha, kumbuyo tikukoka kangolo kodzaza ng'oma, masipika ndi mabokosi a magitala. Tonse tinkapita ku Overthrust Winter Metal Mania, chikondwerero cha nyimbo za metal (mtundu wa rock waphokoso lolemera) chomwe chinayamba mu 2010 ndipo chimakonda kuchitika kumapeto kwa Meyi m'tauni ya ng'ombe imeneyi, m'chipululu cha Kalahari. Anachiyambitsa ndi anyamata a gulu la Overthrust, lomwe linabadwira ku Ghanzi komweko mu 2008, ndipo mbali ina ya zomwe amapeza pakhomo imathandiza ana ovutika.

Za mmene munthu amafikira kumeneko kuchokera ku Lilongwe sindichulukitsa. Mutuluka pa Mchinji kulowa Mwami, Chipata, Lusaka, tsiku latha. Mawa lake Livingstone, makilomita ngati 70 kukafika pa Kazungula, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wautali mamita 923 womwe anautsegula mu Meyi 2021. Masiku a pantoni anapita, ndipo zidindo za mayiko onse awiri mumadinditsa malo amodzi. Kenako Nata, kenako Maun, chigawo chilichonse makilomita pafupifupi 300. Msewu wa Kazungula kupita ku Nata musayende usiku: njovu zimaima paphula ngati kwawo, ndipo khungu lake silioneka mumdima mpaka mutayandikira. Werengerani masiku atatu kupita kokha. Amene angakuuzeni kuti awiri akwana, sanadikirepo basi pa Nata.

Tibwerere kupayipi.

Amene anatenga ntchito m'manja si dalaivala, koma bambo wina wamtali wa chipewa cha abusa a ng'ombe, jekete lachikopa lokhomedwa tizitsulo mapewa onse, unyolo ukulendewera m'chiuno. Kwathu ana akanamuthawa. Mawu ake oyamba anali oletsa: "Rra (bambo, m'Chitswana), musagwire chitsekererocho." Dalaivala anali atakulunga kale chiguduli kudzanja kuti atsegule rediyeta. Madzi a mmenemo amakhala atapanikizika, kutentha kwake kopitirira madigiri 100, ndipo ngakhale payipi itang'ambika, otsalawo amatha kukuthuvulira kumaso. Tinadikira mphindi 40, mpaka payipi yakumwamba inayamba kugwirika ndi dzanja.

Atatukula mpando, vuto linaoneka. Payipiyo inali yakale, yofufuma, yofewa chifukwa cha oyilo amene ankadontherapo, ndipo inang'ambika chapafupi ndi pakhosi pa rediyeta, pomwe kachitsulo komangira kamaluma mphira. Mapayipi ambiri amafera pamenepo. Mwayi wake, kung'ambikako kunali kufupi ndi mapeto, ndiye anangodula masentimita atatu ndi mpeni, napala dzimbiri pakhosipo, nakankhira payipi yotsalayo mpaka inadutsa kamlomo kotukuka ka pakhosipo. Payipi ikakhala yaifupi moti mukuchita kuikoka, njira imeneyi siigwira, chifukwa injini ikamanjenjemera imaizula. Iyi inali ndi kotsala pang'ono.

Tsoka linabwera pomanga. Sikuluu ya kachitsulo kaja inali itadyeka ndi dzimbiri, ndipo atangoipotokola kawiri inaduka. M'galimoto munalibe china. Munalibenso waya, chinthu chomwe minibasi ya ku Mchesi singayende popanda. Apa mpamene mnyamata woimba gitala anatsegula bokosi lake n'kutulutsa nsambo zakale zomwe anamasula dzulo lake.

Sankhani bwino mukadzafika pamenepa. Nsambo zoonda zija, zopanda chokulunga, zimacheka mphira ngati lumo. Za bezi n'zonenepa kwambiri, sizipotoka ndi pulayala wamba. Yoyenera ndi yonenepa ya gitala, yokulungidwa, yomwe mkati mwake muli waya wachitsulo. Oimba death metal amatsitsa magitala awo kuchoka pa E kufika pa C kapena B kuti mawu azilemera, ndipo nsambo wamba zikatsitsidwa choncho zimalendewera ngati chingwe choyanikapo zovala. N'chifukwa chake amagula zokhuthala, zoyambira pa .012 kukafika pa .056 ya inchi kapena kupitirira. Ya .056 imeneyo ndi yomwe inagwira ntchito. Bambo uja anayamba wakulunga malegeni kawiri pamwamba pa payipi kuti waya asalume, kenako nsambo kawiri, napingasa nsonga zake, n'kumapotokola ndi pulayala uku akukoka. Mukapotokola osakoka, waya amadukira pamfundo. Anamanga ziwiri, motalikirana ngati chala chimodzi, zonse kuseri kwa kamlomo kaja.

Madzi anachokera m'zigubu zathu zakumwa, malita 7. Anathira pang'onopang'ono injini ikulira, chifukwa madzi ozizira ukawakhuthulira nthawi imodzi pachitsulo chotentha amatha kuching'alula, komanso mpweya wotsekeredwa mkati umafunika mpata wotulukira. Chitsekerero anangochitembenuza mpaka podina poyamba, osamanga kotheratu, kuti mphamvu isachuluke n'kukankha payipi. Kuipa kwake, madzi amawira msanga ndipo amatha pang'onopang'ono, ndiye lamulo linali liwiro la 60, hita yotsegula mpaka kumapeto kuti izichotsako kutentha, ndi kuima pakatha makilomita 30 aliwonse. Dalaivala anatulutsa 50 pula, ndalama ya ku Botswana, kuti amuthokoze. Mkuluyo anaibweza, nati akagulire payipi.

Anthu ovala chonchiwa amadzitchula Marok. Ambiri ndi anthu a ntchito wamba, alonda, amakaniko, asilikali, oweta ng'ombe, ndipo woimba wamkulu wa Overthrust, Tshomarelo Mosaka, yemwe amadziwika kuti Vulture, wagwirapo ntchito yaupolisi. Zipewa ndi jombo zija si zongotengera pa kanema ayi, dziko lake ndi la ng'ombe, ndipo zovala za kumoraka, komwe amasungira ziweto, zinangokumana ndi zikopa za oimba rock. Mizu yake ndi yakale: gulu la Nosey Road linkaimba rock m'zaka za m'ma 1970, kenako kunabwera Metal Orizon, Wrust, ndi Skinflint ya Giuseppe Sbrana, wa m'banja lomwelo la a Nosey Road. Overthrust inakafika mpaka ku chikondwerero chachikulu cha metal cha Wacken, ku Germany, mu 2016. Chimene chimandinyansa n'chakuti kwathu ukangotchula nyimbo zimenezi, wina wayamba kale kukupempherera, ati za satana. Chonsecho pa Zambia pomwepa, a Paul Ngozi ankaliza gitala yokalipa m'ma 1970 momwemo, nyimbo zina m'Chinyanja chathu chomwechi, makolo n'kumavina osadandaula.

Tinafika pa chipata cha Kuke kutada. Uwu ndi mpanda woletsa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe kuti asachoke ku Ngamiland kulowa m'mafamu a ku Ghanzi, omwe nyama yake imagulitsidwa kunja. Nyama yaiwisi siidutsa kulowera kummwera. Aliyense amatsika n'kuponda pachiguduli chonyowa ndi mankhwala, ndipo nsapato za m'chikwama nazo zimafunika kutulutsidwa. Tangoganizani anthu 13 a maunyolo ali pamzere ngati ana a sukulu, aliyense jombo zina kumanja, akudinda pachiguduli mmodzimmodzi, mayi wa pachipata akuwaunika ndi tochi. Ikani nsapato zanu pamwamba m'chikwama. Mmodzi wa ife anaziika pansi penipeni, ndipo anakhuthula katundu yense pamchenga tonse tikunjenjemera ndi chisanu.

Chisanu chimenechi musachiderere. Masana kumatentha ndithu, koma dzuwa likangolowa m'Kalahari mwezi wa Meyi ndi Juni, kuzizira kumatsika mpaka kufupi ndi 0. Kuzizira kwa ku Dedza n'kwamasewera. Jekete lachikopa limatchinga mphepo koma silifunditsa, ndiye mkati muvale juzi. Ngati mukagona m'tenti, chofunika kwambiri si bulangeti lapamwamba koma choyala pansi, chifukwa mchenga umayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse. Katoni ziwiri zopwanya zimathandiza kuposa bulangeti lachitatu. Malo ogona olipira m'tauniyi ndi ochepa ndipo amadzaza sabata imeneyo.

Jeketelo mutha kulipeza pa kaunjika, koma tembenuzani muone kuseri kwa chikopa, pomwe nsalu yamkati yasomoka. Chenicheni chimakhala chaubweyaubweya, chabodza chimakhala ndi nsalu yomatidwa, ndipo chimayamba kusupuka m'khosi ndi m'zigongono pakangotha miyezi yochepa. Zigamba za mayina a magulu musamate ndi guluu, thukuta ndi dzuwa zimamatula m'mbali. Sokani ndi ulusi wa nayiloni, wa asodzi uja kapena wosokera nsapato, ndipo pachikopa yambani mwaboola ndi chisongole, chifukwa singano wamba imathyoka. Dziwaninso kuti bowo la pachikopa silitsekeka, ndiye muyeze kaye musanaboole. Ambiri amasokera zigamba pa jekete la jinzi lodula manja n'kumalivala pamwamba pa lachikopa, ndipo nzeru imeneyo ndi yabwino. Mukabwerako, fumbi lipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, liume pamthunzi, kenako mupake mafuta a chikopa. Kuliyanika pamoto ndiye kulipha, limauma gwa n'kuyamba kung'aluka. Lamba wa makhokho a zipolopolo musiyeni kunyumba. Ngakhale akhale opanda wonga, mudutsa zipata za mayiko awiri ndi marodibuloko osawerengeka, ndipo simungafune kumafotokozera wapolisi aliyense za fashoni.

Chinthu chomwe anthu amachinyozera kwambiri ndi zotsekera m'makutu. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la madesibo 85 khutu limapirira maola 8, ndipo pa madesibo atatu aliwonse owonjezera nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 100 mwatsala ndi mphindi 15 zokha. Kutsogolo kwa masipika pa dansi ya metal phokoso limafika pamenepo mosavuta, m'holo ya malata ndi simenti momwe mawu amabwerera, ndipo magulu amasinthana usiku wonse. Kulira kwa nkhwiii komwe mumamva m'mawa mwake ndi chizindikiro chakuti china chavulala mkati. Tizotsekera tasiponji timagulitsidwa m'mafamase ndi m'masitolo a zipangizo zomangira, mtengo wake wosafika wa botolo la mowa. Kavalidwe kake nkomwe ambiri amalakwitsa: kafinyeni ndi zala mpaka kaonde ngati kamtengo ka machesi, kokerani khutu m'mwamba ndi dzanja linalo podutsa kumbuyo kwa mutu, lowetsani, n'kugwirizira masekondi 30 kuti kafufume mkati. Kakamaonekera theka kunja, sikakugwira ntchito. Gulani ku Lusaka kapena ku Maun.

M'bwalo la kutsogolo kwa siteji, momwe anthu amavina mokankhana, muli malamulo ake. Wina akagwa, amene muli pafupi mumasiya zonse n'kumudzutsa. Zigongono zikhale pansi. Zibangili za misomali italiitali muvule musanalowe, foni ndi magalasi musiyire mnzanu, zingwe za jombo mumange kawiri. Amene waima m'mbali sakokedwa. Azimayi a Marok amalowa nawo, ndipo wochita zachipongwe amatulutsidwa ndi anzake omwe, alonda asanafike n'komwe.

Pa zakudya, funsani seswaa: nyama yang'ombe yophikidwa ndi madzi ndi mchere basi kwa maola anayi kapena asanu, kenako n'kusinjidwa mpaka kunyenyeka. Amadyera phaletshe, yomwe ndi nsima ya chimanga, kapena bogobe ya mapira. Mmalawi ayamba wayang'anayang'ana msuzi, koma mafuta a nyamayo amakwanira. M'mawa kuli magwinya, mandasi awo, aakulu ngati chibakera. Kwacha yathu simungasinthe kulikonse kumeneko, ndiye nyamulani madola kapena marandi mukasinthe pula pa Kasane kapena Maun. Mapulagi nawo ndi osakanikirana: makoma ena ali ndi a mabowo atatu amakona ngati athu, ena a mabowo atatu ozungulira a ku South Africa. Adaputala imodzi ikupulumutsani ku mkangano wa chaja.

Tinalowa m'Ghanzi cha m'ma 11 koloko usiku titaima kasanu, madzi akumwa atatsala theka la chigubu. Kombiyo inatsitsa ng'oma pakhomo pa holo, gulu lina lili kale pasiteji. Mawa lake masana, gulu la Marok likuguba mumsewu waukulu ana akuthamangira m'mbali, ndinaona dalaivala uja atatukulanso mpando pafupi ndi pothirira mafuta. Sitolo ya masipeya inali itatseka kale mpaka Lolemba. Anagwedeza payipi, nayang'ana pansi ngati pali dontho, nawonjeza madzi kapu imodzi, n'kuyamba kuitanira anthu a ku Maun.